Chitseko cha Khola la Fulu

Apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe kuno ku esiteti ya tiyi chiperoni chikutha, atadwala sitiroko. Dzanja lamanja linali litafa, mwendo ankachita kuukoka, ndipo pakamwa panali patapotoka moti mawu ankatuluka awiri kapena atatu basi, ena onse n'kutsalira m'kati. Kwawo ku Khwethemule ankakhala okha chimwalirireni apongozi aakazi. Akazi anga anati, "Bambo anga sangamagone pamphasa okhaokha ngati sanabereke." Sindinatsutse. Pa chimenecho chokha ndilibe mlandu.

Tinakawatenga pa kagalimoto ka mnzanga wina wopikula nthochi. Katundu wawo sanali wambiri: mphasa, chikwama cha zovala, bokosi la zida za ukalipentala, ndi beseni lalikulu lokutidwa ndi chiguduli. Beseni limenelo anakana kuti liikidwe kumbuyo. Analifungatira pamiyendo ulendo wonse ndi dzanja lamoyolo. M'menemo munali fulu.

Fuluyo aliyense wa m'banjamo ankamudziwa. Apongozi anamutola asanakwatire, pamene ankakhoma mabokosi a tiyi pa esiteti ina, tsiku limene moto unalowa m'munda wa bulugama. Pachigoba pake panali chipsera choyera ngati pagwera phulusa. Akazi anga anabadwa n'kumupeza. Ine ndikapita kumudziko ndinkangodziwa kuti kuseri kwa nkhokwe kuli kakhola ka njerwa ndipo m'menemo muli fulu. Sindinasuzumiremo, sindinafunsepo kanthu. Mkamwini safunsa zonse.

Titafika kunyumba n'kuwakhazika pakhonde, apongozi anandiyang'ana n'kufunsa movutikira, "Amwa... madzi?"

Ndinaganiza kuti akunena dalaivala wathu, mnzanga wa nthochi uja. Mumtima ndinati nkhalambayi ulemu sunaithawe ngakhale pa matenda. Ndinatunga madzi m'kapu n'kukamupatsa mnzangayo, iye n'kudabwa, chifukwa anali atangomwa thobwa pa Luchenza. Pobwerera ndinapeza akazi anga akuthira madzi m'chivundikiro cha poto n'kuika m'beseni muja. Zinthu ziwirizi sindinazilumikize. Ndikanazilumikiza tsiku lomwelo, bwenzi ndilibe cholemba.

Ndisabise, ine ndine wa mtima wapachala. Ndinali choncho kusekondale, ndili choncho mpaka lero, ngakhale imvi zayamba. Ndipo nthawi imeneyo mtimawo unali kale pamoto. Ndinali nditangokwezedwa kukhala kapitawo wa othyola tiyi, ndipo panali ena akale pantchito kuposa ine amene ankayembekezera mpandowo. Kukomboni nkhani siyenda ndi miyendo, imauluka. Sabata isanathe, aliyense anali atamva kuti kwa kapitawo watsopano kwafika fulu.

Tsiku lina pa sikelo, anthu ali pamzere ndi madengu awo, mayi wina wapakamwa anati, "Akapitawo, tamva kuti kwanu kwabwera mlendo woyenda ndi nyumba yake."

Wina kumbuyo anawonjeza, "Mubwere naye adzatithandize kuthyola. Dengu ali nalo kale kumsana."

Anthu anaseka, inenso ndinayesa kuseka. Kenako bambo wina, mmodzi wa aja ankafuna ukapitawo, anayankhula osandiyang'ana, akukonza masamba m'dengu mwake. "Muzisekatu. Anzanu amadziwa kokhwimira. Ukapitawo wa masiku ano umayenda ndi chigoba."

Ndinamutukwana pomwepo, mawu oti sindingawalembe pano. Ine munthu wa mpingo, woti ndinaphunzira mpaka folomu folo, andinene kuti ntchito ndaipeza ndi chizimba! Ndinafika kunyumba mutu ukuwira. Fulu uja ndinayamba kumuona ngati mlandu umene wandigwera pakhomo. Sindinkamutchula n'komwe dzina. Ndinkangoti "chinthuchi", "chimenechi".

Komabe chinthucho sichikanakhala m'beseni mpaka kalekale. Komanso ndinkaona ndekha zimene chinkachita kwa apongozi. Kuchipatala anatiuza kuti aziyenda tsiku lililonse kuti mwendo usaume, koma tikawauza kuti tiyeni tiyende ankangotembenukira kukhoma. Fulu yekha ndiye ankawadzutsa. M'mawa uliwonse ankagwira ndodo n'kudzikoka mpaka kudimba lathu laling'ono kuseri, kukabudula kholowa kapena chisoso, kutola nkhono pansi pa nthochi, n'kubwerera nazo. Ulendo wa masitepe makumi awiri unkawatengera theka la ola, koma ankapita. Akazi anga anati, "Mankhwala a bambo ndi amenewo. Mukawamangira khola patali pang'ono, aziyenda kawiri."

Ndinamanga Loweruka masana. Ndinatola zidutswa za njerwa pa nyumba ina yakale imene esiteti inagwetsa, n'kumanga makoma atatu ofika m'mawondo, khoma la kitchini n'kukhala lachinayi. Apongozi anakhala pampando pafupi, akuyang'anira. Nditayamba kuyala njerwa pamwamba pa dothi, anagogoda pansi ndi ndodo, n'kuchita ngati akukumba ndi zala. Ndinamva: fulu amakumba, maziko alowe pansi. Ndinakumba. Analoza udzu, n'kuloza ngodya imodzi. Ndinamva: mthunzi. Tinkamvana bwinobwino popanda mawu. Ndiye anachita chinthu chimene akazi anga akuti sanachionepo chibadwire: anakankha bokosi lawo la zida ndi phazi kuti libwere kwa ine. Sowo, pulena, hamala, sikweya, zonse zopakidwa mafuta, chilichonse pamalo pake. Ngakhale mwana wawo wamwamuna, malemu, sankaloledwa kugwira pulena imeneyo.

Tsiku limenelo ndinagona ndikumva ngati ndine mkamwini wa nzeru.

Chinatsala ndi chitseko. Ndinasiya mpata kutsogolo, woti munthu atha kulowetsa tsache ndi mbale ya madzi. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, akazi anga anapita kukaona mnzawo wodwala ku laini ina ya nyumba za antchito, ndipo ine ndinasonkhanitsa zimene ndinali nazo n'kuziyala pamaso pa apongozi ngati wamalonda pamsika.

Choyamba chinali chidutswa cha lata. Anachigwira n'kuchotsa dzanja msanga ngati apsa, kenako n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake. Ndinamva: limatentha, limacheka. Ndinaliponya pambali. Chachiwiri nsungwi zong'amba, zoti ndiluke ngati chitseko cha khola la nkhunda. Anapukusa mutu, n'kulowetsa chala pakati pa nsungwi ziwiri. Ndinati mwina akuopa chiswe kapena makoswe. Ndinalinso ndi magalasi awiri a windo losweka, ndipo ndinkanyadira ganizo limenelo, kuti azikhala pampando n'kumaona fulu wawo ngati pa kanema. Galasilo sanafune n'kuliyang'ana komwe. Anakweza ndodo n'kuloza m'nyumba, pansi pa bedi lawo.

Kumeneko kunali thabwa la mlombwa, lalifupi koma lalikulu bwino, lopalidwa kale, losalala ngati tebulo la abusa. Sindinadziwe n'komwe kuti tinabwera nalo, linali lokulungidwa mumphasa. Ndinalitulutsa. Analisisita, n'kuloza pampata paja, n'kunena mawu awiri, akupumira pakati.

"Asaone... kunja."

Ine ndinamva kuti "asaone akunja."

Mawu a bambo uja wa pa sikelo anandibwerera onse. Ndinati, "Bambo, mwati chiyani? Anthu asaone? Asaone chiyani?"

"Ayi... asaone."

"Ndiye ndikufunsa kuti tikubisa chiyani? Ngati chinthuchi ndi cha mankhwala, nenani lero lomwe, ndikachitaye kumtsinje. Ine pakhomo panga sindisunga zobisa. Anthu akundinena kale kuntchito, inu mukufuna ndiwapatse umboni?"

Nkhope yawo inasintha. Anayesa kuyankhula, pakamwa n'kumangonjenjemera, malovu n'kuyamba kutsika mbali yakufayo. Anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere, kawiri, katatu. "Asa... asaone." Analoza beseni, analoza mpata. Ine ndinaona ngati akuumirira. Ndinakweza mawu, mkamwini kukalipira apongozi ake pabwalo, masana dzuwa likuswa mtengo, a nyumba yoyandikana nafe akumva. Ndinati, "Aona! Aliyense aona! Ndiika chitseko choti ngakhale wodutsa panjinga aziona zili m'katimo."

Mawa lake nditaweruka ndinakwera kabaza mpaka pa Luchenza, n'kulowa m'sitolo ya zomangira. Wogulitsayo anafunsa, "Waya wa nkhuku zazikulu kapena anapiye, bwana?"

"Wa fulu."

Anandiyang'ana kaye. "Fulu wake wouluka?"

"Dulani wayayo, nkhani zambiri ayi."

Pobwerera ndinachita chinthu chimene chimandiwawa kuposa kukalipa kuja. Ndinafuna matabwa a feremu, ndipo thabwa linali pafupi ndi la mlombwa lija. Ndinatenga sowo yawo yomwe n'kuling'amba timizere tinayi, iwo ali pampando pomwepo. Anangotseka maso. Ndinakhoma feremu, ndinakoka waya, ndinapinda misomali, mahinjesi ndinadula pa tayala lakale. Nsonga za waya m'munsimo sindinazipinde bwino, chifukwa ndinkagwira ntchito ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo sumaliza ntchito. Chitsekocho chinayang'ana kudimba ndi kanjira kopita kumpopi, kuseri kwake tiyi yekhayekha mpaka kuphiri.

Akazi anga ndinawauza nkhaniyo mmene ndinaimvera ine: kuti bambo awo akufuna tizibisa fulu kwa anthu. Iwo anati, "Kwathu chitseko chinali cha matabwa, inde. Chifukwa chake sindinafunsepo." Ndinaona kuti nawonso mawu anga awalowetsa chikayiko pa bambo awo omwe, ndipo ndinakondwa kuti ali mbali yanga. Taonani uchitsiru wake.

Ndinaitana anthu. Aliyense wodutsa popita kumpopi ndinkati, "Bwerani mudzaone chizimba chija." Anabwera tsiku loyamba, anabwera lachiwiri. Mayi wapakamwa uja anasuzumira n'kunena kuti, "Iii, akapitawo, kanthu kake n'komweka? Ine ndimayesa n'chachikulu ngati mtondo." Pofika Lachisanu panalibenso wocheuka. Nkhani inali itasamukira kwa mlonda wina amene anagwidwa ndi mkazi wa mwini. Mbiri yonse imene ndinkaiopa inatha ngati mame.

Amene sanaleke kuyang'ana pa wayapo ndi fulu.

Kuyambira tsiku loyamba anapita molunjika pachitseko n'kuyamba kukankha. Mutu pawaya, miyendo ikupalasa dothi. Akatopa ankayenda m'mbali mwa chitsekocho, kupita uku, kubwerera uku, mphuno ikukhuza waya. Nthawi zina ankakola zikhadabo m'mabowo n'kuimirira, kenako n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba, mpaka wina adzamutembenuze. Akazi anga anamutembenuza kangapo. Ine ndinati n'chilendo, azolowera. Kumakoma a njerwa sankapitako n'komwe. Chimenecho ndinachiona ndi maso angawa, koma sindinadzifunse chifukwa chake.

Sabata yachiwiri ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza jekete la apongozi, lija ankapita nalo kutchalitchi, litapachikidwa pachitseko cha khola, litaphimba waya yense. Ndinalichotsa n'kukaliponya pabedi pawo. Mawa lake ndinapeza chiguduli. Ndinachichotsa. Tsiku lina ndinapeza mphasa yawo ija ataiimika pamenepo, ataitsamiritsa ndi mwala. Munthu wa dzanja limodzi ndi mwendo umodzi, kukoka mphasa kuchokera kuchipinda mpaka kuseri kwa kitchini, sindikudziwa kuti zinawatengera maola angati. Ine ndinaichotsa pa kamphindi, ndikulankhula mokweza kuti amve: "Pakhomo pano mwamuna ndine."

Akazi anga anati, "Inu, asiyeni achite zimene akudziwa. Jekete likukulumani pati?"

"Lero jekete, mawa anthu aziti chiyani? Kuti masana timaphimba, usiku timavundukula?"

"Anthu ake ati? Alipo akubwera?"

Ndikasowa yankho ndimamenyetsa chitseko, ndipo ndinatero.

Kutentha kunafika. Fulu analeka kudya. Kholowa ankafota m'kholamo osakhudzidwa, nthochi yakupsa n'kudzaza nyerere. Pamphuno pake panasupuka n'kufiira. Apongozi ankapitabe m'mawa uliwonse, koma tsopano sankabwerera pakhonde. Ankaima pamenepo atatsamira ndodo, thupi lawo litatchinga chitseko, mpaka mwendo utawakana. Ine ndinkati akuchita makani. Kwa masabata onsewo sitinkayankhulana, kupatula moni wa m'mawa, umene ankandiyankha ndi mutu.

Tsiku limene ndinamvetsa mawu awo aja, kunagwa chizimalupsa. Mvula inatipeza kumunda cha m'ma leveni, yamphamvu ndi mphepo, ndipo anthu anabalalika. Ndinathamangira kunyumba ndisanayembekezeke. Pakhonde panalibe munthu, mpando uli wokha. Akazi anga anali kuchigayo. Ndinazungulira kuseri.

Apongozi anali pansi, m'matope, kutsogolo kwa khola. Ndodo inali patali. Anali atatsegula chitseko, fulu ali pamiyendo pawo, ndipo chikhatho chawo chamoyo chija anachiika kutsogolo kwa nkhope ya fuluyo ngati mmene umatchingira mwana kuti asaone ngozi pamsewu. Mvula ikuwamenya pamsana. Sanandione. Ankayankhula pang'onopang'ono, ndipo mawu ankatuluka bwino kuposa mmene ankatulukira akamayankhula nafe.

"Musaone, agogo. Musaone. Khalani... Mwavulala. Pepani."

Ndinaima ngati chitsa. Musaone. Mwavulala. Ankamupatsa ulemu fulu, ngati munthu wamkulu. Pomwepo kapu ya madzi ija inandibwerera, ine nditaimirira pagalimoto ndikukakamiza dalaivala kumwa. "Amwa madzi?" sanali dalaivala. "Asaone kunja" sanali anthu akunja. Amene sankayenera kuona ndi fuluyo. Ine amene ndinkati "chinthuchi" ndinkayembekeza kumva "chisaone", ndipo khutu langa linali litadzaza kale ndi mawu a pa sikelo.

Nzeru yake ndi yaing'ono moti imachititsa manyazi. Fulu akaona khoma amadziwa kuti dziko lathera pamenepo, amatembenuka n'kukagona. Koma akaona kuwala ndi masamba kutsogolo, mutu wake suvomera kuti pali chotchinga. Amakankha lero, amakankha mawa, mpaka chimodzi chithyoke, chotchingacho kapena iyeyo. Nsungwi apongozi anazikana chifukwa cha mipata. Galasi analikana chifukwa chomwecho. Munthuyo anasunga fulu zaka zoposa za ukwati wanga, ankadziwa. Anandiuza ndi mawu awiri okha amene anatsala nawo, ndipo anali mawu okwana.

Nditagwada kuti ndiwadzutse ndinaona magazi pa thalauza lawo. Sanali awo. Mvula itayamba, fulu anachita ngati wapenga, mmene amachitira akamva fungo la dothi lonyowa, ndipo mwendo wakutsogolo unalowa pansi pa waya, pa nsonga zija sindinazipinde. Pokoka unang'ambika kuyambira pachikhatho mpaka m'khwapa, m'kati mwenimweni mwa chigoba.

Ndinawanyamula apongozi kukawaika m'nyumba, n'kubwerera kudzatenga fulu. Sanalole kuti ndiwasinthe zovala mpaka beseni litabwera pafupi ndi bedi.

Madzulo omwewo ndinazula chitseko cha waya. Ndinafunafuna thabwa, koma la mlombwa lija linali timizere, ndipo pakhomo panalibe lina lokwana. Ndinaima pakhomo la chipinda chawo, manja ali lende. Anandiyang'ana, kenako analoza bokosi la zida. Ndinayesa akufuna ndiwapatse kanthu. Anagogoda chivundikiro chake ndi ndodo. Ndinati, "Ichi, bambo? Cha bokosi lanu?" Anagwedeza mutu.

Ndinamasula chivundikirocho, ndinachepetsa mbali imodzi, ndinapala m'mphepete kuti musakhale chobaya, ndinakhoma timizere ta mlombwa tija m'mbali kuti pasatsale mpata ngakhale wolowa kuwala. Ntchito yonse sinakwane ola. Mawa lake titamubwezera fulu m'khola, anayenda motsimphina mpaka pachitseko, anachigunda kamodzi ndi mphuno, anaima pang'ono, n'kutembenuka kupita pangodya ya udzu ija. Anagona. Basi. Masabata asanu a nkhondo, yankho lake linali limenelo.

Bala lija tinalimbana nalo. Tinkatsuka ndi madzi a mchere m'mawa ndi madzulo, ine ndikugwira mwendo, akazi anga akuthira. Koma fulu akamva kuwawa amabweza mwendo m'chigoba, ndipo m'katimo simufika dzanja. Kunali kotentha, ntchentche zili ponseponse. Tsiku lachinayi ndinaona mphutsi. Ndinazichotsa ndi kamtengo ka machesi, imodziimodzi, zimene ndinkazifikira. Ndinapita kwa mlangizi wa ziweto, amene anandiuza mosabisa kuti iye amadziwa mbuzi ndi ng'ombe, fulu sanamuphunzire, komabe anandipatsa mankhwala opopera pabala aja ofiirira. Ndinapopera. Ndinkadzuka m'mamawa kukasaka bowa ndi nkhono m'munda wa bulugama ndisanapite kuntchito, ine yemwe uja ndinkati ndikamutaya kumtsinje. Fulu anadyako kamodzi kokha, kachidutswa ka bowa, ndipo apongozi anandiyang'ana tsiku limenelo ngati akufuna kumwetulira.

Fuluyo anakhala ndi moyo masiku asanu ndi anayi okha. M'mawa wa tsiku lakhumi apongozi anapita ndi kholowa wawo, anatsegula chitseko, anakhala nthawi, kenako anatseka n'kubwerera masamba ali m'manja. Anawaika pakhonde n'kulowa m'nyumba.

Ndinamukwirira pansi pa nthochi. Akazi anga anabweretsa kansalu koti ndimukulungire, ndipo sindinatsutse.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku ndilibe pobisala, chifukwa panalibenso mawu oti ndawamva molakwika. Munthu ukalakwira apongozi chotere, njira yake imadziwika. Umauza ankhoswe, umagwira nkhuku, umakhala pansi n'kupepesa pamaso pa anthu, monga unawanyoza pamaso pa anthu. Akazi anga anandikumbutsa kawiri. Ine ndinkati ndichita, ndikudikira kuti mitima itsike. Zoona zake n'zakuti mawu oti "pepani" ankandikanika. Iwo, a pakamwa popotoka, anatha kuwanena kwa fulu m'matope. Ine wa pakamwa pabwinobwino ndinalephera. Chimene ndinakwanitsa, tsiku lina nditawapititsira tiyi, n'kunena kuti, "Bambo, chitseko chija chinakhala bwino, eti?"

Anayang'ana kapu. "Chili... bwino."

Kuyambira pamenepo sanapitenso kuseri. Tinkawauza kuti tiyeni tiyende, ankatembenukira kukhoma ngati poyamba paja. Ndinawauza kuti ndifunsa anyamata odula mitengo andipezere fulu wina. Anandiyang'ana mmene umayang'anira munthu amene wakuuza kuti akugulira amayi ena. Mwendo unauma. Pofika Khirisimasi tinkachita kuwanyamula popita kubafa. Chaka chitangoyamba anauza mwana wawo, ndi mawu ake ochepa omwewo, kuti akufuna kupita ku Chimaliro kwa mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, amene nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri ndipo ana ndi asanu. Sananene chifukwa. Palibe anafunsa. Ndinawaperekeza pa kagalimoto komwe kaja, bokosi la zida lili kumbuyo, lokutidwa ndi chiguduli popeza linalibe chivundikiro. Pamiyendo pawo panalibe kanthu.

Ndinapitako kawiri kukawaona. Ulendo wachiwiri ndinanyamula nkhuku, ndikuti lero ndinena. Ndinapeza m'nyumba muli azimayi a mpingo odzawaona, ndipo ndinati ndidikire achoke. Atachoka, apongozi anali atagona tulo. Nkhukuyo inadyedwa ngati ndiwo wamba. Anamwalira chimanga chisanakhwime.

Sindikunena kuti waya wa pa Luchenza ndiye anapha apongozi anga. Sitiroko ndi sitiroko, ndipo anali munthu wamkulu. Akazi anga amandiuza choncho nkhaniyi ikabwera, ndipo ndimayamika. Koma masitepe makumi awiri aja ndinawaona ndi maso anga, ndipo ndikudziwa amene anawachotsa.

Maliro atatha, pogawa katundu, mlamu wanga anatulutsa bokosi lija n'kuliika pamapazi panga. Anati, "Alamu, ili ndi lanu. Analiloza kangapo, amati 'mkamwini'." Ndinafunsa ngati ananenanso china. Anati ayi, mawu anali atatheratu. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kundikhululukira, kapena kundiuza kuti ndimalize kuphunzira ntchito imene ndinaiyamba molakwika. Mwina ankangoona kuti m'banjamo palibe wina wodziwa kugwira pulena. Ndinawamva molakwika kamodzi, sindifunanso kuwaikira mawu m'kamwa.

Bokosilo lili pansi pa bedi lathu, lokutidwabe ndi chiguduli. Zida ndimazipaka mafuta. Khola likadalipo kuseri kwa kitchini, m'katimo mwamera chisoso, ndipo chivundikiro chija chikadali pampata pake. Akazi anga anena kangapo kuti ndichizule ndichibwezere pabokosi, fumbi likulowa m'zida, kholalo asungiremo makala. Akunena zoona. Koma ndinachichepetsa mbali imodzi, sichingakwanenso.